Ada Longwe ndi Madzi a Paipi Yachitatu

Tsiku loyamba pa ntchito yotunga madzi oyeza ku mtaya, Ada Paston Longwe anatsika phiri la zinyalala chagada. Anali atavala shati yoyera ndi tayi, chifukwa kwa iwo ntchito ndi ntchito, kaya ndi mu hotela kaya ndi pa dzala la tawuni yonse. Anaponda pamene ogulitsa nsomba mu msika anataya matumbo a batala dzulo lake, miyendo yonse iwiri inanyamuka, basi ulendo. Amayi amene ankachokera ku chitsime ndi ndowa pamutu amati munthuyo anatsetsereka mtunda wonse osakuwa, dzanja lamanja lili m'mwamba, botolo lili chilili pa chikhatho ngati lili pa thireyi. Atafika pansi anadzuka, anayang'ana botolo kaye, kenako anawapatsa moni amayiwo mmodzimmodzi. Sipanatayike ngakhale dontho. Shati yokha ndiyo sinachire. NyaMhone, mkazi wawo, anaiviika masiku atatu, kenako anaipatsa ntchito yokolopa.

Tinaseka nkhani imeneyi chaka chathunthu. Pano timaikamba motsitsa mawu, chifukwa botolo limenelo ndi limene linkatiuza mwezi ndi mwezi ngati madzi a chitsime chathu ndi omweka kapena ayi. Chitsimecho chili m'munsi mwa mtaya, pamene phiri limathera, ndipo mabanja oposa makumi anayi tinkatunga pamenepo.

Munthuyu ukhondo anabadwa nawo. Bambo awo anali khukhi ku Halale, ndipo anabwerera kumudzi ndi sutikesi ya masupuni komanso chizolowezi chosita ngakhale masokosi. Ada Longwe nawo atalekeza sukulu fomu thu anakwera lole ya ku Joni. Anayamba ndi kutsuka mbale, kenako anakwera udindo mpaka kukhala woperekera zakudya mu hotela ina ya m'mbali mwa nyanja ya mchere, zaka makumi awiri ndi zinayi. Anabwerako ndi bondo lovuta, wotchi ya pamkono, ndi matambula khumi ndi awiri amene mpaka lero amamweramo abusa okha. Anthu a kumtunda amatinena kuti Mtonga angagone ndi njala bola nsapato ikhale yopolisha, ndipo ife timafuna kukana, koma nthawi yomweyo Ada Longwe amadutsa. Pa ukwati ndi iwo amene amayala tebulo la akuluakulu. Pa maliro mudzawapeza kuseri kwa tenti akupukuta makapu apulasitiki, kapu iliyonse akuiyang'anitsa kudzuwa asanaipereke. Mawu awo ndi amodzi chibwerereni: chilichonse chimene chikupita pa tebulo la munthu chanyamula dzina lako.

Itatha kolera ija, bungwe lina linabwera ndi galimoto yobowola, n'kukumba mabowo atatu mozungulira mtaya. Tinasangalala poganiza kuti ndi mijigo. Ayi ndithu. Anangoikamo mapaipi, kuwavundikira, kuwakhoma ndi maloko, chopopera palibe. Pa msonkhano anatifotokozera kuti madzi a mvula akadutsa m'zinyalala amatenga zoipa zonse, za mabatire akutha, za matewera, za nsomba zowola, n'kulowa nazo pansi, ndipo pansipo amayenda pang'onopang'ono kutsikira kumunsi. Mapaipiwo anali ngati alonda. Yoyamba inali kumtunda kwa mtaya, yachiwiri pambali, yachitatu pakati pa mtaya ndi chitsime chathu. Zoipa zikanyamuka kubwera kwa ife, paipi yachitatu ndiyo inkayenera kuyamba kuziona.

Pankafunika munthu wotunga madzi m'mapaipimo kamodzi pa mwezi, kulemba tsiku ndi nthawi pa botolo, kuika mabotolo m'kabokosi ka ayisi, n'kuwakweza minibasi ya m'mawa kuti akafike ku labotale ku Mzuzu asanafunde. Munthu wa wotchi, wa zilembo zowongoka, wosalawa mowa. Msonkhano wonse unatembenuka n'kuyang'ana Ada Longwe, iwo n'kukonza tayi. Mtsikana wa ku labotaleyo, Temwa Chavula, anawaphunzitsa masiku awiri mmene amaponyera kachitini kachingwe m'paipi, kutunga n'kutaya katatu, kachinayi kuthira m'botolo. Anabwerera ku Mzuzu akunena kuti sanaonepo wophunzira wosamala chonchi.

Ndiye mwezi uliwonse pepala la zotsatira linkabwera, ndipo Lamulungu zikatha zolengeza ku tchalitchi Ada Longwe ankaimirira, kuvala magalasi, n'kuwerenga kuti madzi a mapaipi onse atatu ali bwino. Akatolika ankamva uthengawo masana pa mpanda. Tinkanyadira. Tinkauza abale athu a ku Chikale kuti ife madzi athu amayezedwa ndi makina, inu mumangomwa mwa chikhulupiriro.

Mmodzi yekha sankagwirizana ndi pepalalo: Lucia NyaKamanga, mayi wamasiye amene nyumba yake ili pafupi kwambiri ndi chitsime. Iye amaviika chinangwa m'maenje atatu amene amadzaza ndi madzi a chitsimecho, kuchiyanika, kuchigayitsa, n'kukagulitsa ufa wa kondowole mu msika. Amalera adzukulu atatu, ndipo pakamwa pake sipadziwa kuzungulira. Tsiku lina, amayi tili pa mzere wotunga, anawaimitsa Ada Longwe akudutsa ndi kabokosi kawo.

"Ada, madziwa akumveka msomali mkamwa. Ndipo chinangwa changa chikutuluka chotuwa ngati chadwala."

"Ama, lilime si makina," anayankha iwo, akutulutsa pepala m'thumba la shati. "Ili lachokera ku Mzuzu. Onani, lili ndi chidindo."

"Chidindocho chimamwa madzi?"

"Mwina vuto ndi ndowa yanuyo. Munaitsuka liti?"

Mzere wonse unaseka, inenso ndinaseka. NyaKamanga anasenza ndowa yake n'kumapita. Mawa lake tinamuona akukwecha ndowa zake zonse ndi mchenga mpaka utoto kuchoka. Adzukulu ake akatsegula m'mimba tinkati ndi mango. Mango atatha tinkati ndi usipa wa mvula. Ana a nyumba zina atayambanso tinkati akusewera ndi adzukulu a NyaKamanga. Pepala linali litanena kale kuti si madzi, ndiye tinkafufuza kwina konse.

Zinaululika Lolemba lina mu Febuluwale, masana. Mpanda wa pakati pa ife ndi a Longwe ndi wa bango, ndipo ine ndinali ndikuyanika zovala chapomwepo, kotero zimene ndikunenazi sindinachite kuuzidwa. Temwa Chavula anatsika minibasi osatumiza uthenga, n'kuodira pa khomo.

"Ama Chavula, timoneni," anatero Ada Longwe, akumulonjera mosangalala. "Mwabwera tsiku labwino. Mwandipeza ndili pakati pa ntchito yanu."

"Ntchito yanga iti, adada?"

"Madzi anu a mawa. Bwerani kuseri kuno muone."

Kuseriko kunali zigubu zitatu zolembedwa manambala. Panali ndowa yomangidwa nsalu yoyera kukamwa, nsalu ija ankaikoleka pa mkono ku hotela, pamwamba pake makala osinja. Pa mbaula panali mphika ukuwira. Pa tebulo panali mabotolo atatu a ku labotale, opukutidwa mpaka kunyezimira, olembedwa kale tsiku la mawa.

"A paipi yoyamba ndi yachiwiri savuta, ndimangowasefa kamodzi," anafotokoza iwo ngati munthu amene akuonetsa mlendo munda wake. "Koma a yachitatuwa ndi amwano. Amatuluka ngati tiyi wopanda mkaka, fungo lake ngati kuseri kwa msika. Amenewa ndimawasiya theka la tsiku kuti adikhe, ndimawasefa pa makala kawiri, kenako ndimawaphitsa mpaka fungo lithawe. Akazizira simungawasiyanitse ndi a mu sitolo."

Temwa anakhala pansi pa khonde, osadikira mpando. Kwa kanthawi ankangoyang'ana mphika uja.

"Ndabwera chifukwa botolo la mwezi watha linkanunkha utsi," anatero pamapeto pake, mawu ali pansipansi.

"Aa, pepani kwambiri, ama. Makala ananyowa, ndinaphitsira pa nkhuni. Ndinadziwa kuti muzindikira. Sizidzachitikanso."

"Munayamba liti zimenezi?"

"Mvula yoyamba ija. Miyezi itatu yoyambirira ankatuluka oyera okha, sindinkawagwira."

Temwa anawerenga pa zala. Zala za manja onse zinatha, anayambiranso.

"Chaka ndi miyezi itatu. Adada, ndinakuuzani kuti mutunge, muthire m'botolo, mutseke."

"Munatero, mwana wanga. Koma inu simunawaone madzi ake. Botolo lija lalembedwa dzina langa, ndipo likupita pa tebulo la anthu ophunzira. Ine zaka makumi awiri ndi zinayi sindinaperekepo kwa munthu tambula yakuda, ndiyambe lero nditakalamba? Ine ndimangochotsa zonyansa za m'maso ndi za m'mphuno. Poizoni ngati alimo, makina anu amuona. Si ndiyo ntchito ya makina?"

"Zonyansazo ndiye zimene timafuna. Tizirombo timene timawerenga kuja, mukatiphitsa timafa. Zina zimatsalira pa makala anuwo. Makina amawerenga zimene mwawapatsa, adada. Chaka ndi miyezi itatu takhala tikuyeza khitchini yanu."

Ine chovala chimene ndinkayanika chinagwera m'matope, ndipo sindinachitole.

Temwa anapitiriza kuti madzi a pansi pa mtaya wathu ankatuluka oyera kuposa a pa mpopi wa ku labotale komweko, moti akuluakulu ake ankatitchula m'misonkhano ngati chitsanzo. Iye zinkamudabwitsa, koma akakumbukira tayi ija ndi zilembo zija, mtima unkakhala pansi. Ada Longwe anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. NyaMhone, amene anali ataima pa khomo la khitchini nthawi yonseyi, ndi amene anayankhula.

"Ine, bambo a Wezi, ndinkangodandaula makala. Sindinkadziwa kuti ndi nkhani ya anthu."

Anapita ku paipi yachitatu nthawi yomweyo, Temwa patsogolo, Ada Longwe pambuyo ndi makiyi. Sindikudziwa kuti uthenga unayenda bwanji, mwina ndinauzako mmodzi kapena awiri, koma pofika pa paipi tinali khamu. Temwa anavala magolovesi, anaponya kachitini, anakoka chingwe. Madzi amene anatuluka anatibweza tonse m'mbuyo. Anali ofiirira, a thovu pamwamba, ndipo fungo lake linatipeza tisanawaone bwino. Kuchokera pamene tinaimapo chitsime chathu chinkaoneka kumunsi, mtunda woti munthu atha kuponya mwala kawiri n'kufika. Panali mayi wina akutunga, mwana ali kumsana.

Temwa anadzaza botolo, anatseka, n'kuwapatsira Ada Longwe kuti alembe. Iwo analigwira ndi zala ziwiri.

"Kunja kokhaku ndingapukute?" anafunsa.

"Kunja pukutani."

Kenako Temwa anatsika kukatunga m'chitsime momwemo, ndi m'dzenje limodzi la chinangwa cha NyaKamanga. Mwini wake anali ataima pambali, manja m'chiuno, akuyang'ana Ada Longwe osaphethira.

Zotsatira zinabwera Lachisanu pa foni. Sindingabwereze manambala ake, koma mlangizi wa zaumoyo atawamva anasiya njinga yake pa msewu n'kutsika wapansi mothamanga. Tsiku lomwelo chitsime chinatsekedwa ndi mitengo ndi minga. Anatigawira mankhwala othira m'madzi, natiuza kuti tizikatunga pa mpopi wa ku msewu waukulu, ulendo wokwera phiri umene munthu wa ndowa pamutu amapumira kawiri. Chinangwa chonse chimene chinali m'maenje a NyaKamanga anati chitayidwe. Apo m'pamene tinayamba kuganiza za ufa. Kondowole wa NyaKamanga tinkadya tonse. Ankadyedwa m'malesitilanti a pa depoti, ankakwera sitima kupita ku Likoma. Ineyo ndinkatumizira mlamu wanga ku Mzuzu, ndikumuuza kuti ndi wa madzi oyezedwa.

Madzulo amenewo nyumba iliyonse inkawerengetsera chammbuyo. Mwana uja anagonekedwa m'chipatala mu Malichi. Mayi woyembekezera uja anafooka mwezi wathunthu. Gogo wa kwa a Davis amene tinaika chaka chatha titangoti ndi ukalamba. Palibe amene anganene motsimikiza kuti anali madzi, ndipo Temwa anakana kunena. Koma palibenso amene anganene kuti sanali madzi, ndipo chimenechi ndi chimene chimatisowetsa mtendere mpaka lero.

Tinazindikiranso chinthu china. Kwa a Longwe palibe anadwalapo nthawi yonseyi. Ankatunga pa chitsime chomwecho ngati ife, koma m'nyumba imeneyo madzi akumwa amaphitsidwa ndi kusefedwa chibwerereni bambo ku Joni, osati poopa matenda, koma kuti matambula asachite zipsera. Ndiye Ada Longwe akaona banja lawo lili gwa, pepala likuti madzi ali bwino, ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti enafe vuto lathu ndi ndowa.

Loweruka anzawo ena a mu mpingo anapita kukawalangiza. Anati nkhaniyi aikankhire ku makina, makina sachita manyazi, kapena angoti bondo lavuta asabwere ku tchalitchi milungu iwiri. Lamulungu Ada Longwe anabwera. Anavala suti yakuda ija amavala pa mgonero. Zitatha zolengeza anaimirira pa nthawi yawo ya masiku onse, koma m'manja munalibe pepala.

"Abale ndi alongo, mapepala onse amene ndinakuwerengerani kuyambira mvula ya chaka chatha anali onama. Si a ku Mzuzu amene ananama. Madzi ankatuluka akuda, ine ndinkawayeretsa ndisanawatumize, chifukwa ndinkachita manyazi. Ndinkaganiza kuti ndikuchita ulemu. Mwamwa zoipa chifukwa cha ine."

Anakhala pansi. Tchalitchi chathu chili ndi anthu amene amatsokomola ngakhale pakati pa pemphero, koma tsiku limenelo munali zii, moti tinkamva mbuzi ikudya mpanda kunja. Wotsogolera nyimbo anaimirira, anatsegula buku, anatchula nambala, kenako anaiwala kuyambitsa.

Ntchito sanawachotse. Temwa anati wayang'ana dera lonse ndipo palibe wina amene angafikitse botolo pa depoti nthawi yake mwezi uliwonse, komanso munthu amene walakwa chonchi sangabwerezenso. Ndiye amatungabe. Botolo la paipi yachitatu limapita momwe latulukira, lofiirira, dzina lawo lili pamwamba ndi zilembo zowongoka zija. Amangolikulunga mu nyuzipepala kuti kondakitala asalione. Za mjigo watsopano kutali ndi mtaya tinalonjezedwa, ndipo anabwera anthu kudzayeza malo, koma pakadali pano tikukwerabe phiri.

Kwa NyaKamanga anapita patatha masiku atatu chilankhulireni m'tchalitchi. Anadzuka m'mawa, anakwera ku mpopi wa ku msewu ndi bondo lawo lija, anatsika ndi zigubu ziwiri zodzaza, tayi ili pakhosi, thukuta likuyenderera m'kolala. Anapeza mayiyo atakhala pa mphasa, maenje ake atatu ali pululu kuseri, mdzukulu wamng'ono atagona pa miyendo pake. Ena tinapezeka kuti tikudutsa chapomwepo. Ada Longwe anaima patali pang'ono, zigubu zili m'manja, nayamba mawu amene zinkaoneka kuti anawakonza bwino, a ulemu wonse, otchula ndowa zija, chinangwa, ndi ana. Anayankhula nthawi yaitali. NyaKamanga anawasiya mpaka amalize, akupitikitsa ntchentche pa nkhope ya mwanayo. Kenako anadzutsa mutu.

"Ada, chaka ndi miyezi itatu mwakhala mukuphitsira madzi botolo, ife tikumwa osaphitsa. Botolo silitsegula m'mimba. Tulani madziwo apo, muzipita."